Mabwinja a Amargosa pa mapu akale

Wofuna kudziwa mbiri ya chipululu cha Amargosa, m'malire a California ndi Nevada, ndimamulangiza kuti ayambire pa mapu, mabuku abwere pambuyo. Ndikunena mapu a U.S. Geological Survey, bungwe la boma la America lomwe linakhazikitsidwa mu 1879 n'kuyamba kujambula dziko lonselo chigawochigawo mu 1884, John Wesley Powell ali mkulu wake. Lero mapu akalewo ali pa intaneti, pa TopoView, ndipo aliyense amawatenga ulere.

Pepala limene ndimalikonda ndi la Furnace Creek, lotuluka cha m'ma 1910. Sentimita imodzi papepalapo ndi makilomita awiri ndi theka poyenda pansi. Mizere yofiirira ikuonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka: pamene yathinana ndiye kuti ndi potsetsereka, pamene yatalikirana ndi pachidikha. Buluu ndi madzi. Chakuda chonse ndi ntchito ya manja a anthu.

Maso anga amathamangira pa buluu, pakuti kumeneko madzi ndiwo ankalamula zonse. Mtsinje wa Amargosa mbali yaikulu umayenda pansi pa mchenga, choncho wapaulendo ankadalira akasupe ndi zitsime. Tsatirani ndi chala njira za ngolo pamapupo, muona kuti siziwongoka. Zimakhota kufuna kasupe, kenaka kasupe wina. Nkhani ya ludzu inali yaikulu moti mu 1909 bungwe lomweli linasindikiza kabuku ka Walter Mendenhall kofotokoza malo opezeka madzi m'zipululu za kuderali.

Ndiye pamene dzina la tauni lakhala patali ndi buluu, m'pamene ndimaima. Chitsanzo ndi Greenwater. Mphekesera ya mkuwa inakokera anthu kumeneko mu 1906, madzi ankachita kubwera pa ngolo, mgolo umodzi madola 15. Mkuwa wopindulitsa sunapezeke, ndipo pofika 1909 anthu anali atabalalika. Tauni ya Rhyolite inalimbako. Shorty Harris ndi Ed Cross anatola golide pafupi pomwepo mu 1904, anthu masauzande angapo n'kukhamukirako, kumanga mabanki, sukulu ndi siteshoni ya sitima. Mgodi waukulu wa Montgomery Shoshone unatsekedwa mu 1911, magetsi anazimitsidwa mu 1916.

Apa mapu amatha kupusitsa munthu. Chaka choyeza malo ndi chaka chosindikiza n'zosiyana, ndipo pepala limodzi ankalisindikiza mobwerezabwereza osasinthamo zambiri. Tauni imaoneka yamoyo papepala pamene akadzidzi analowamo kalekale. Tizilembo ta m'mphepete mwa mapu, tonena chaka chimene oyeza anapondadi pamalopo, ndimatiwerenga ndisanakhulupirire china chilichonse.

Phindu lenileni limabwera mukayala mapu a zaka zosiyana pamodzi. Njanji ya Tonopah and Tidewater, imene Francis Marion Smith anamangitsa pakati pa 1905 ndi 1907 kuti azinyamula borax, inachokera ku Ludlow n'kukwera m'chigwa cha Amargosa mpaka kufupi ndi Beatty. Sitima zinasiya kuyenda mu 1940, zitsulo zake anazizula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa mapu a pambuyo pake pamangotsala timizere todukaduka tosonyeza mtumbira wa njanji, ndipo masiteshoni ena mayina awo amazimiririka. Mtumbirawo ulipobe mpaka lero, mungauone muli pamsewu wa ku Shoshone ndi Death Valley Junction.

Chimene chimandipweteka ndi zimene oyeza malowo sanazione ngati zoyenera inki. Akasupe amene mapu akuwatchula mayina a azungu, anthu a mitundu ya Timbisha Shoshone ndi Paiute ankamwapo kuyambira makolo awo. Ankakhala m'chigwa nyengo yozizira, kukolola zipatso za mitengo ya mesquite, kutentha kukafika n'kukwera m'mapiri kumene ankatola mtedza wa paini. Tauni ya mkuwa ya zaka zitatu inalembedwa dzina, koma njira za anthuwa muyenera kukazifunsa kwa zidzukulu zawo. Boma la America linawavomereza a Timbisha monga mtundu mu 1983, ndipo mu 2000 lamulo linawabwezera maekala oposa 7,000, kuphatikizapo malo a mudzi wawo pa Furnace Creek.