Za dengu, chitini ndi sikelo

Adzukulu anga, zimene mukuphunzira ku sekondale zogawa kulemera kwa chinthu ndi malo amene chatenga, agogo athu ankazichita ndi manja. Ambiri a ife kuno ku Milonde makolo athu ndi Alhomwe amene anaoloka kuchokera ku Mozambique atasenza mbewu pamutu, ndipo muyeso wawo unali dengu, lichero ndi mbale basi.

Ndalama zinali zosowa, choncho anthu ankasinthana zinthu. Mayi wa nandolo akakumana ndi mnzake wa makaka, sankalola mbale pa mbale. Makaka ndi okhotakhota, amadzaza msanga dengu koma pakati pali mipata yokhayokha, pamene nandolo amakhazikika bwino, kulinyamula dengulo khosi limadziwa. Mayi wochenjera ankayamba wagwedeza dengu kuti mbewu zitsike, kenako n'kutapa pang'ono, n'kuponyaponya m'chikhatho. Chimanga chofumbwa chimadzaza mofanana ndi chabwino, koma m'manja chimangoti pepuu, chifukwa anankafumbwe anadya mtima n'kusiya khungu. Pakakhala mkangano ankatunga madzi. Njere zabwino zimamira, zofumbwa zimayandama, mlandu watha.

Sikelo inatipeza kumunda wa tiyi. Tiyi anayamba kudzalidwa kuno ku Mulanje cha m'ma 1891, ndipo wothyola ankalembedwa mapaundi a masamba, osati madengu. Apa nzeru zinatembenuka. Dengu lodzaza mpaka pakamwa linalibe phindu ngati sunatsendere, ndiye anthu ankakanikiza masamba ndi chigongono. Tsiku la mvula masamba ankalemera ndi madzi, kalaliki n'kuchotsapo mapaundi ena, ndipo phokoso lake linkamveka kutali, poti wothyola sankadziwa kuwerenga kamuvi ka sikeloyo. Ine mpaka lero ndimati dzanja linali lachilungamo kuposa sikelo, chifukwa onse awiri anali nalo.

Mu 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa ndalama ya paundi, ADMARC inatenga ntchito ya Farmers Marketing Board, ndipo kumsika wake mbewu zinkapita pasikelo. Matumba akale anali a mapaundi 200, oposa pang'ono makilo 90, ofuna amuna awiri. A makilo 50 awa ndi a dzulodzuloli.

Tsono tengani ndowa ya malita 20. Mukathiramo madzi, ndi makilo 20, lita imodzi kilo imodzi. Mukathiramo chimanga chouma n'kusalaza pamwamba, mupeza makilo 14 kapena 15. Gawani 15 ndi 20, mupeza 0.75, kuchepera madzi. Nanga bwanji njere ya chimanga imamira? N'chifukwa choti m'ndowamo simuli chimanga chokha, pakati pa njere ndi njere pali mpweya, ndipo nawonso mwauyeza. Chimanga chosauma bwino chimalemera lero, pakatha mwezi thumba lomwelo latsika makilo, madzi atauluka.

Ku Limbuli ndi m'misika ina ya kumalire kuyeza ndi chitini sikunathe ayi. Mavenda ena ali ndi zoyezera ziwiri. Chogulira ndi ndowa ya pulasitiki imene anaithira madzi otentha n'kuifutukula mimba, ndipo amafuna muunjike mpaka njere zigwe pansi. Chogulitsira ndi chitini chimene anachimenya ndi mwala kunsi kuti tako lake lilowe m'kati. Mukatumidwa kukagula nandolo, muzichitembenuza kaye muone pansi pake.