Analowa anayi, anatsiliza mmodzi: nkhani ya Indian College ku Harvard

Tikamva dzina lakuti Harvard, ambili a ife timaganiza za yunivesiti yolemela, kumene pafupifupi aliyense amene walowa amatuluka ndi digili. Masiku ano n'zoona, pakuti oposa 95 mwa ophunzila 100 alionse amatsiliza. Koma kale Harvard inali kakoleji kakang'ono ka chalichi, kosauka, kophunzitsa makamaka anyamata ofuna ubusa. M'bwalo lake munali kakoleji kena kakang'ono kwambili kochedwa Indian College. Tikawelenga amene analowamo ndi amene anatsiliza, zala za dzanja limodzi zikwanila.

Coyamba tikonze mau. Tikati "Indian" pano sitikamba za amwenye amene timagulako nsalu ku Kamwala. Tikamba za eni dziko la America, mitundu monga Wampanoag, Massachusett ndi Nipmuc, amene Angelezi anawapeza m'dela limene lelo ndi Massachusetts. Pakati pa 1616 ndi 1619, mlili unapha anthu ambili a mitundu imeneyi m'mbali mwa nyanja, conco pamene Angelezi anayamba kumanga midzi yawo, anapeza anthu amene anali kale pa malilo.

Harvard inakhazikitsidwa mu 1636 ndi Akhristu ochedwa Puritans. M'zaka zoyamba ndalama zinali zosowa, moti makolo ena anali kulipila fizi ndi tiligu kapena ng'ombe. Mu 1649, ku London kunapangidwa bungwe la Society for the Propagation of the Gospel in New England, limene linasonkhetsa ndalama m'machalichi a ku England kuti eni dziko la America amve uthenga. Caka cotsatila, mu 1650, cikalata cokhazikitsa Harvard cinalembedwa kuti kolejiyi ni ya anyamata acingelezi pamodzi ndi a eni dziko. Sitinganene kuti onse amene analemba mau amenewa anali acinyengo. Koma tiona kuti mauwo anabwela pa nthawi imene thumba linali litatseguka ku London.

Ndalama zinabweladi. Ca m'ma 1655 anamanga nyumba yosanja ya njelwa, yoyamba ya njelwa pa Harvard, yokwanila ophunzila pafupifupi 20. Wophunzila wa mtundu wa eni dziko anali kudzaphunzila ndi kugona mmenemo popanda kulipila. Nyumba inatha, koma ophunzila panalibe. M'zipindamo munalowa anyamata acingelezi, ndipo posakhalitsa analowetsamo makina osindikizila mabuku.

N'cifukwa ciani panalibe ophunzila? Khomo la Harvard linali lopapatiza. Kuti mnyamata alowe, anafunika kuwelenga Cicero, kukamba ndi kulemba Cilatini, ndiponso kudziwako galamala ya Cigiriki. Mwana wa Mngelezi anali kuvutika nazo zimenezi ngakhale kuti aphunzitsi anali a cinenelo cake. Nanga mwana wa Wampanoag? Anayenela kuyamba waphunzila Cingelezi, kenako n'kucigwilitsila nchito pophunzila zinenelo zina ziwili zimene panalibe munthu wozikamba pa msika. Conco ana anali kucotsedwa kwawo ali aang'ono, n'kuikidwa pa sukulu ya Daniel Weld ku Roxbury kapena ya Elijah Corlet ku Cambridge kwa zaka zingapo. Apa ndiye panayambila kutayika kwa ophunzila. Ena anamwalila ali pa masukulu amenewa, ena anabwelela kwawo, ena anaphunzila nchito zamanja. Amenewa salowa m'ciwelengelo ca koleji, cifukwa sanafike n'komwe pakhomo.

Awili anapyola. Onse anali ocokela pa cisumbu ca Martha's Vineyard. Caleb Cheeshahteaumuck anali mwana wa mfumu. Joel Iacoomes anali mwana wa Hiacoomes, munthu woyamba pa cisumbupo kulowa Cikhristu. Analowa Harvard mu 1661, pamene mkulu wa koleji anali Charles Chauncy, ndipo anaphunzila zimene anzawo acingelezi anali kuphunzila: Cilatini, Cigiriki, Ciheberi, luso la mtsutso ndi zaumulungu. Onse awili anali anzelu, ndipo olemba a nthawi imeneyo anayamikila Joel kwambili.

Patatsala miyezi yocepa kuti atsilize, Joel anapita kukaona makolo ake. Pobwelela, combo cimene anakwela cinasweka pa cisumbu ca Nantucket. Daniel Gookin, amene anali kuyang'anila eni dziko olowa Cikhristu m'dela la Massachusetts, analemba kuti cioneka anthu a m'combomo anafika pamtunda amoyo, koma anaphedwa ndi anthu ofuna katundu. Caleb anatsiliza yekha mu 1665. Caka cisanathe, mu 1666, anamwalila ndi cifuwa cacikulu.

Wacitatu anali John Wampus, wa mtundu wa Nipmuc. Iye analowa, anakhalako pang'ono, n'kucoka kukagwila nchito m'zombo. Pambuyo pake analowa m'milandu ya malo, ndipo anamwalila ku England mu 1679. Wacinayi timam'dziwa ndi dzina limodzi cabe, Eleazar. Anasiya ndakatulo ya malilo a m'busa Thomas Thacher, yolembedwa m'Cilatini ndi m'Cigiriki mu 1678, ndipo anamwalila asanalandile digili. Kunja kwa anayiwa kuli John Sassamon, amene anaphunzilako kanthawi mu 1653 nyumba isanamangidwe, ndi Benjamin Larnell, amene anabwela nyumba itagwetsedwa kale ndipo anamwalila mu 1714 akali wophunzila.

Ndiye kuti m'zaka zoposa 40 zimene nyumbayo inaima, analowa anayi, anatsiliza mmodzi. Wina angati ni 25 pelesenti. Koma pelesenti pa anthu anayi ni nthabwala yowawa. Imaika m'thumba limodzi amene anaphedwa pa ulendo, amene anadwala ndi amene anangosankha moyo wina, ngati kuti onse analephela mayeso. Ndiponso imawelenga Caleb ngati cipambano, pamene digili yake sanakhale nayo ngakhale caka cimodzi.

Cimene catikopa kwambili ni mmene akuluakulu a nthawiyo anafotokozela imfa zimenezi. Gookin analemba maganizo atatu amene anthu anali nawo. Ena anati Mulungu sanafune pakali pano kugwilitsila nchito eni dziko polalikila. Ena anati ni Satana amene anali kutsekeleza nchito. Koma ena anati vuto linali kusintha kwakukulu kwa cakudya, pogona, zovala ndi kukhala pa mabuku tsiku lonse, zinthu zosiyana kwambili ndi moyo umene anyamatawa anakulila. Maganizo awili oyamba ni okoma kwa oyendetsa sukulu, cifukwa mlandu umapita kumwamba kapena kumoto, osati ku khichini kapena ku zipinda zogona. Acitatuwo ndiwo anali ndi mayankho amene munthu akanatha kucitapo kanthu. Ife amene tinakhalako ku boding'i tidziwa mmene thupi limakanila cakudya ca sukulu temu yoyamba. Onjezelamponi cisanu ca ku New England, zipinda zodzaza anthu otsokomola, ndi matenda amene matupi awo anali asanakumanepo nawo.

Palinso nkhani ya amene anali kupatsa ndalama. Bungwe la ku London, limene kucokela mu 1662 linatsogoleledwa ndi wasayansi Robert Boyle, linali kufuna kumva kuti nchito ikuyenda. Caleb analemba kalata m'Cilatini yoyamikila othandizawo, ndipo inatumizidwa ku England monga umboni. Kalatayo ikalipo mpaka lelo. Tikaiganizila, timaona mnyamata amene anali wophunzila komanso cionetselo. Nyumba ya njelwa ndi kalata ya Cilatini n'zosavuta kuonetsa kwa munthu amene ali kutsidya la nyanja. Ciwelengelo ca ana amene anaikidwa m'manda ali pa sukulu ya Cilatini sicikopa copeleka.

Nanga nyumbayo inagwila nchito yanji? Inasindikiza mabuku. Mmenemo ndi mmene munatuluka Baibulo ya m'cinenelo ca Massachusett, Cipangano Catsopano mu 1661 ndi Baibulo yonse mu 1663. Iyi ndiyo Baibulo yathunthu yoyamba kusindikizidwa ku America, m'cinenelo cina ciliconse. Imadziwika ndi dzina la m'busa John Eliot, koma iye sanagwile yekha. Cockenoe, Job Nesuton ndi Sassamon uja anathandiza kumasulila, ndipo mnyamata wa Nipmuc dzina lake Wowaus, amene Angelezi anam'chula James Printer, anali kusanja zilembo pa makina. Palibe aliyense wa iwo amene anali ndi digili.

Cimodzimodzi ndi ubusa umene koleji inamangidwila. M'busa amene Harvard inalephela kutulutsa anapezeka kwina. Mu 1670, Hiacoomes, atate ake a Joel, amene sanapondeko pa koleji, anadzozedwa kukhala m'busa wa mpingo wa eni dziko pa Martha's Vineyard. Analalikila m'cinenelo cawo kwa anthu awo, mwana wawo wophunzila Cigiriki atamwalila kale.

Kenako kunabwela nkhondo. Mu January 1675, mtembo wa Sassamon unapezeka pansi pa madzi oundana a dziwe la Assawompset, atangocenjeza Angelezi kuti mfumu Metacom, imene iwo anali kuichula King Philip, ikukonzekela nkhondo. Amuna atatu a Wampanoag ananyongedwa pa mlanduwo, ndipo mu June nkhondo inabuka. Eni dziko amene analowa Cikhristu anakhala pakati: Angelezi sanawakhulupilile, ndipo mazana a iwo anatsekeledwa pa Deer Island nyengo yonse yacisanu, kumene ambili anafa ndi njala ndi kuzizila. Mabaibulo ambili a Eliot anaonongeka, moti anacita kusindikizanso mu 1685. Pambuyo pa zonsezi, ndani akanatumiza mwana wake ku Cambridge?

Nyumba ya Indian College inagwetsedwa mu 1698. Njelwa zake anamangila nyumba ina ya koleji, ya dzina la Stoughton, pa cipangano cakuti wophunzila aliyense wa eni dziko amene adzabwela adzapatsidwa cipinda caulele.

M'zaka za m'ma 2000, ophunzila a Harvard ndi akatswili a Peabody Museum anakumba m'bwalo pafupi ndi Matthews Hall, pamene nyumbayo inali, ndipo anapeza zidutswa za njelwa ndi tizilembo tacitsulo ta makina aja. Baibulo ya 1663 nayo inagwilanso nchito imene osindikiza sanaiganizile: kucokela mu 1993, Jessie Little Doe Baird ndi anzake anaigwilitsila nchito, pamodzi ndi zolemba zina zakale, poukitsa cinenelo ca Wampanoag cimene cinali citaleka kukambidwa kwa zaka zoposa 100. Mu 2011, Tiffany Smalley wa ku Aquinnah, pa Martha's Vineyard pomwepo, anakhala wa Wampanoag woyamba kutsiliza digili yoyamba pa Harvard College kucokela pa Caleb. Pa mwambo umodzimodziwo, Harvard inapeleka digili ya Joel Iacoomes kwa anthu a mtundu wake, patapita zaka 346 kucokela pamene anzake a m'kalasi analandila zawo.