Buku la ku Nile Pansi pa Mtengo wa Mango

Tinkakumana anthu asanu Loweruka lililonse masana pansi pa mtengo wa mango ku Lifuwu, kufupi ndi minda ya mpunga. Buku linali limodzi lokha, lothothoka chikuto, ndipo tinkalandirana powerenga. Mutu wake unali Season of Migration to the North, lolembedwa ndi Tayeb Salih wa ku Sudan. Linatuluka m'Chiarabu mu 1966, ndipo Denys Johnson-Davies atalimasulira m'Chingerezi linasindikizidwa mu 1969. Ife tinalitenga ngati nkhani ya kutali, ya anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Nile amene sitidzawaonapo.

Sabata yachiwiri tinafika pamene Mustafa Sa'eed akufotokoza za ubwana wake. Iye anabadwira ku Khartoum mu 1898, chaka chimene asilikali a Kitchener anagonjetsa Sudan pa nkhondo ya ku Omdurman. Angerezi atatsegula masukulu, makolo ankabisa ana awo poganiza kuti sukulu ndi msampha wa adani. Mustafa anapita yekha mwa kufuna kwake, naphunzira mpaka ku Cairo ndi ku London, koma anabwerako ali munthu wosweka mtima, wopanda kwawo kwenikweni.

Gogo wina wosoka maukonde, amene ankatimvera chapatali, anandipempha kuti ndimumasulire ndimeyo. Nditatero, anaseka.

"Ana anga, mwapita ku Sudan kukafuna nkhani ya pakhomo pano? Inenso bambo anga anandibisa."

Kenaka anatola kamtengo nalemba dzina lake pamchenga, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Mwa ife asanu, ophunzira a masatifiketi, panalibe anatha kuliwerenga.

Tsiku limenelo ndinayamba kufunsa mbiri ya gombe lathu. Zilembo za Chiarabu zinafika kunyanja kuno Chingerezi chisanafike. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. David Livingstone atadutsako mu 1861 anapeza malonda a minyanga ndi akapolo ali mkati. Zombo zinkaolotsa anthu omangidwa kupita tsidya la kum'mawa, kumene njira ya pansi inkalowera ku Kilwa. Gombe la Lifuwu, loyang'anizana ndi kwa Makanjira, linalinso dooko. Mbiri imeneyi ndi yowawa ndipo sitiyenera kuipaka mafuta. Koma njira yomweyo inabweretsanso mpunga, Chisilamu ndi luso la kulemba. Mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anamwalira mu 1930, anaphunzitsa anyamata ambiri kuwerenga Korani, ndipo mafumu Achiyao ankasunga alembi owalembera makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu.

Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo mu 1895 Makanjira anagonjetsedwa, zaka zitatu zokha nkhondo ya ku Omdurman isanachitike. Masukulu amene anatsatira anali a mishoni. Kholo Lachisilamu linkaopa kuti mwana akapita kumeneko akabatizidwa, akasintha dzina, mwinanso akadya nyama ya nkhumba. Choncho ambiri anasankha madarasa. Mtengo wake unali waukulu: ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zinapita kwa ana a mishoni, ndipo ana a kunyanja anatsala ndi bwato ndi khasu.

Apa ndiye pamene bukulo linandilasa. Wofotokoza nkhani m'bukuli ndi wogwira ntchito m'boma, monga ine. Ataphunzira zaka zisanu ndi ziwiri ku Ulaya, anabwerera kumudzi akuganiza kuti akuwadziwa anthu ake, pamene sankawadziwa. Ndinakumbukira mafomu ambirimbiri amene ndadzazira anthu pa ntchito yanga. Nkhalamba ikati sinapiteko kusukulu, ndinkailemba m'gulu la osadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndi kuidinditsa chala. Sindinafunsepo ngati imalemba m'zilembo zina. Ndi angati mwa iwo anandiyang'ana mwakachetechete, inki ili kuchala, akudziwa kuti akadatha kusaina?

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Salih, amene anamwalira ku London mu 2009, sanapondeko ku Lifuwu, koma buku lake linatimeta. Loweruka lotsatira tinaika mpando wachisanu ndi chimodzi pansi pa mango uja. Gogoyo anayamba kutiphunzitsa chilembo choyamba, alifu, ndipo dzanja langa linkanjenjemera ngati la mwana wa Sitandade 1.