Mmene Wairakei inaphunzitsira dziko kuyeza moto wa pansi pa nthaka

Ntchito yopukusa magetsi ndi nthunzi yochokera pansi pa nthaka inayambira ku Larderello m'dziko la Italy, kumene Piero Ginori Conti anayatsa mababu angapo mu 1904, koma luso loyeza zitsime ndi kuwerengera kukula kwa nkhokwe ya madzi otentha linakhwimira ku Wairakei, pafupi ndi nyanja ya Taupo ku New Zealand. Ku Larderello zitsime zinkatulutsa nthunzi yokhayokha, pamene ku Wairakei, kumene siteshoni inayamba kugwira ntchito mu 1958, kunkatuluka nthunzi yosakanikirana ndi madzi amene pansipo amatentha pafupifupi madigiri 260, ndipo zida zoyezera za nthawi imeneyo sizinkatha kuonetsa bwino kuchuluka kwa zinthu ziwirizi zikamathamanga limodzi m'paipi imodzi.

Vutoli analithetsa Russell James kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Chitsime chimatsegulidwa kuti chilavulire panja mwaphokoso logonthetsa m'khutu, ndipo pakabowo kakang'ono ka m'mphepete mwa mlomo wa paipi amalumikizapo geji yoyeza mphamvu imene nthunziyo ikukankhira. Madzi otsala amawadutsitsa pa kampanda koyezera, kenako manambala awiriwa akaphatikizidwa amaulula kuchuluka kwa zotuluka ndi kutentha kumene zanyamula. Njirayi ndi yotsika mtengo, ndipo ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Komabe kudziwa mphamvu ya chitsime chimodzi sikunayankhe funso lalikulu, lakuti nkhokwe yonseyo ingapirire kwa zaka zingati. Madzi amene ankatsala nthunzi ikachotsedwa ankatayidwa mumtsinje wa Waikato m'malo mowabwezera pansi, moti mphamvu yokankha ya m'nkhokwemo inatsika kwambiri, akasupe otumphuka a ku Geyser Valley amene ankakopa alendo anaphwa, ndipo pamalo ena nthaka inatitimira pafupifupi mamita 15. Zimenezi zinali zoopsa, koma chifukwa chakuti mainjiniya ankalemba zoyeza zawo mosadumphitsa, Wairakei inasanduka malo oyesera maganizo a akatswiri. Mu 1969 Whiting ndi Ramey anafalitsa chifaniziro cha masamu chimene chinkaona nkhokweyo ngati thanki imodzi yolowa ndi kutuluka madzi. Chinali chiyambi chabe, pakuti miyala ya pansi ili ndi ming'alu yosiyanasiyana ndipo madzi amawira n'kusanduka nthunzi mphamvu yokankha ikatsika.

Makompyuta atakula mphamvu, akatswiri anayamba kugawa nkhokwe m'timagawo tambirimbiri, kalikonse ndi mtundu wake wa mwala, kutentha kwake ndi mpata umene madzi angadutsemo; pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi TOUGH2, imene Karsten Pruess wa ku Lawrence Berkeley Laboratory ku America anatulutsa mu 1991. Chifanizirocho amachikonza mobwerezabwereza mpaka chigwirizane ndi mmene malowo analili asanakumbidwe komanso ndi zimene zitsime zakhala zikuonetsa, ndipo pokhapo m'pamene amachikhulupirira polosera za m'tsogolo. Ku Wairakei zinadziwika kuti kutsika kwa mphamvu kuja kunkakoka madzi ena otentha kuchokera pansi kwambiri, n'chifukwa chake malowa akupukusabe magetsi patatha zaka zoposa 60, ndipo tsopano gawo la madzi limabwezedwa pansi.

Luso limeneli linafikanso ku Olkaria ku Kenya, kumene makina oyamba a mamegawati 15 anayamba mu 1981. Malawi ali m'chigwa chachikulu chomwecho cha Rift Valley ndipo ali ndi akasupe otentha monga a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota, koma kasupe wa pamwamba sanena kukula kwa nkhokwe ya pansi. Zimenezo zimadziwika pokhapokha zitsime zakuya zitakumbidwa ndi kuyezedwa.