Kasankhidwe ka zida za okosijeni m'ndege zing'onozing'ono

Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimauluka kutali m'mwamba, koma okweramo amapuma bwinobwino chifukwa makina amapopera mpweya m'kati mwake. Ndege zambiri zing'onozing'ono, monga Cessna 172, Cessna 182 ndi Piper Cherokee, zilibe makina otere. Mpweya umene uli kunja ndi womwewo umene woyendetsa ndi anthu ake amapuma. N'chifukwa chake eni ndegezi amagula zida zonyamulika za okosijeni, zomwe ndi silinda yaing'ono, chipangizo chochepetsa mphamvu ya mpweya chotchedwa regulator, komanso timachubu ta m'mphuno kapena masiki. Zidazi zikasankhidwa molakwika, mpweya umatha ulendo uli pakati, kapena sufika m'mapapo pa mlingo wofunika.

Chimene chimachitika m'mwamba

Okosijeni ndi magawo pafupifupi 21 pa 100 alionse a mpweya, kaya pansi kaya m'mwamba. Chimene chimachepa munthu akamakwera ndi mphamvu imene mpweya umakankhira, ndipo mphamvuyi ndi imene imalowetsa okosijeni m'magazi kudzera m'mapapo. Pa mafiti 18,000, omwe ndi mamita pafupifupi 5,500, mphamvuyi imatsika kufika theka la imene imakhala m'mbali mwa nyanja yamchere.

Kuperewera kwa okosijeni m'thupi, kumene madokotala amati hypoxia, n'koopsa chifukwa sikupweteka. Ena amamva mutu, chizungulire kapena tulo, ena milomo ndi zikhadabo zimabiriwira, pomwe ena amangosangalala popanda chifukwa. Nzeru zimene zikanamuchenjeza munthu ndi zomwe zimayamba kufooka. Malinga ndi mabuku ophunzitsira oyendetsa ndege, munthu wopanda okosijeni wowonjezera amaganiza bwino kwa mphindi 20 mpaka 30 pa mafiti 18,000, koma pa mafiti 25,000 amangokhala ndi mphindi 3 mpaka 5.

Vutoli linadziwika ndege zisanabwere n'komwe. Pa 15 Epulo 1875, amuna atatu ananyamuka mumzinda wa Paris pa chibaluni chotchedwa Zénith, atanyamula matumba a okosijeni potsatira kafukufuku wa katswiri wa za thupi, Paul Bert. Anapitirira mamita 8,000, koma anachedwa kuyamba kupuma mpweyawo. Joseph Crocé-Spinelli ndi Théodore Sivel anafera m'mwamba. Gaston Tissandier, yemwe anapulumuka, anafotokoza pambuyo pake kuti anafuna kugwira chubu koma mkono unakanika kudzuka. Zofanana ndi izi zinachitika pa 25 Okutobala 1999, pamene ndege ya mtundu wa Learjet 35 inagwa m'chigawo cha South Dakota ku America n'kupha anthu 6, kuphatikizapo katswiri wa gofu Payne Stewart. Ofufuza anapeza kuti oyendetsa anakomoka chifukwa sanalandire okosijeni mpweya wa m'ndegemo utachepa mphamvu.

Zimene malamulo amanena

Ku America, komwe kuli ndege zing'onozing'ono zambiri padziko lonse, bungwe la FAA limalamula kuti woyendetsa apume okosijeni akakhala pakati pa mafiti 12,500 ndi 14,000 kupitirira mphindi 30. Akadutsa mafiti 14,000 ayenera kuupuma nthawi yonse, ndipo kupitirira mafiti 15,000 aliyense wokwera ayenera kupatsidwa wake. Malamulo a bungwe la EASA ku Ulaya amatchula mafiti 10,000 ndi 13,000 ngati malire oyendera pamene woyendetsa sangathe kudziwa mmene kukwerako kungakhudzire anthu ake. Mwini ndege ayenera kutsatira malamulo a dziko limene ndegeyo inalembetsedwa komanso a dziko limene akuulukamo.

Komatu thupi silidikira lamulo. FAA yomweyo imalangiza kuyamba okosijeni pa mafiti 10,000 masana ndiponso pa mafiti 5,000 usiku, popeza maso ndi amene amayamba kufooka mumdima. Osuta fodya, amene amwa mowa, odwala m'mapapo ndi ochepa magazi, mwachitsanzo amene angochira malungo, amavutika msanga kuposa ena.

Manambalawa sali kutali ndi kuno. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mafiti pafupifupi 4,000, kotero ndege yonyamuka usiku imadutsa mafiti 5,000 itangokwera pang'ono. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, pafupifupi mafiti 9,850, ndipo ndege yodutsa pamwamba pake mosamala imakhala itapyola mafiti 10,000.

Njira zoperekera mpweya

Wogula amayamba ndi mafunso atatu: ndege yake imakwera kufika pati, imanyamula anthu angati, ndipo imakhala maola angati m'mwambamo. Cessna 172 siipitirira kwenikweni mafiti 14,000, pomwe Cirrus SR22T imafika pa 25,000. Zosowa za ndege ziwirizi n'zosiyana kutali.

Njira yosavuta komanso yotsika mtengo ndi ya mpweya wotuluka mosalekeza kudzera m'timachubu ta m'mphuno totchedwa cannula. Muyeso wodziwika ndi lita imodzi pa mphindi kwa munthu mmodzi pa mafiti 10,000 alionse. Njirayi siifuna batire ndipo ili ndi zochepa zimene zingawonongeke, koma imataya mpweya wambiri, chifukwa munthu amakokera mpweya m'kati pa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a kapumidwe kake. Nthawi yotsalayo okosijeni amangomwazika.

Pofuna kuchepetsa kutayikaku, pali cannula ina yokhala ndi kathumba pansi pa mphuno kapena pachifuwa, komwe kamasunga mpweya pamene munthu akupumira kunja. Kenaka pali zipangizo zimene zimamva kuti munthu wayamba kukoka mpweya n'kutulutsa okosijeni wochepa pa nthawi yokhayo. Chodziwika kwambiri ndi EDS cha kampani ya Mountain High ya ku Oregon, chomwe chimaonjezera chokha mlingo ndege ikamakwera ndipo chimalira munthu akasiya kupuma kapena mpweya ukasiya kutuluka. Ndi zipangizo zotere silinda imodzimodzi imakhalitsa kangapo. Kuipa kwake n'kwakuti n'zodula, ndipo zoyendera magetsi zimadalira mabatire, choncho apadera ayenera kukhala pafupi. Makampani ena odziwika pa malonda amenewa ndi Aerox ndi Precise Flight.

Cannula ili ndi malire ake. Siiloledwa kupitirira mafiti 18,000, ndipo siithandiza munthu amene mphuno zatseka ndi chimfine kapena amene amapumira pakamwa. Kuyambira pamenepo mpaka mafiti 25,000 pamafunika masiki yophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo ya woyendetsa imayenera kukhala ndi maikolofoni kuti azilankhulana ndi olondolera ndege. N'kwanzeru kusunga masiki imodzi m'ndege ngakhale kwa amene sakwera kwambiri.

Palinso makina otchedwa concentrator, amene amasefa okosijeni mumpweya wa m'ndegemo. Sasowa kudzazitsa, koma amatumikira munthu mmodzi kapena awiri, amadalira magetsi, ndipo mphamvu yake imachepa ndege ikamakwera. Oyendetsa osamala amanyamulabe silinda yaing'ono yodalira makinawo akazima.

Silinda ndi kukula kwake

Masilinda achitsulo ndi olimba koma olemera. A aluminiyamu ndi amene ambiri amagula chifukwa ndi opepuka ndiponso mtengo wake ndi wapakati, ndipo malamulo a ku America amafuna kuti aziyesedwa mphamvu ndi madzi zaka 5 zilizonse. Okutidwa ndi ulusi wa kaboni kapena Kevlar ndi opepuka koposa, koma ndi odula, ndipo ambiri amasiya kugwiritsidwa ntchito pakatha zaka 15. Wogula silinda yakale ayang'ane tsiku limene inayesedwa komaliza, lomwe limadindidwa pakhosi pake kapena kumatidwa m'mbali, chifukwa odzaza mpweya amakana silinda imene nthawi yake yapita.

Kukula kwake kumadziwika ndi masamu osavuta. Silinda ya malita 640 yotumikira anthu awiri pa mafiti 15,000, aliyense akulandira lita imodzi ndi theka pa mphindi, imatulutsa malita 3 pa mphindi ndipo imatha pa maola atatu ndi theka. Anthu akakhala anayi, imatha pa ola limodzi ndi mphindi 45. Pamenepa pamafunika kuchotserapo mpweya wina wosungira, popeza silinda siyenera kuphweratu kuopa kuti chinyezi chingalowemo. Ngati komwe ndege ikupita kulibe kodzaza, mpweyawo ukwanire ulendo wopita ndi wobwerera. Regulator nayo ikhale ndi potulukira pokwanira anthu onse, ndipo chubu chilichonse chikhale ndi kachizindikiro koonetsa kuti mpweya ukuyenda.

Ambiri amaiwala za kamwa ya silinda. Masilinda a ndege ochokera ku America amakhala ndi kamwa ya mtundu wa CGA-540, yosiyana ndi ya masilinda ang'onoang'ono a m'chipatala komanso ya mayiko a ku Ulaya. Munthu asanaitanitse zida kunja, afufuze kaye komwe azikadzaza ndi mtundu wa cholumikizira chofunika. Mpweya wovomerezeka pa ntchitoyi ndi wa oyendetsa ndege, woyera magawo 99.5 pa 100 alionse ndiponso wouma, kuti chinyezi chisaundane m'zipangizo kukazizira m'mwamba.

Kuyeza ndi kusamala

Kachipangizo kovala pachala kotchedwa pulse oximeter, komwe anthu ambiri anakadziwa nthawi ya mliri wa Covid-19, ndi kamene kamaonetsa ngati zida zonsezi zikugwiradi ntchito. Munthu wathanzi ali pansi amakhala ndi mlingo wa 95 mpaka 100, ndipo oyendetsa ndege amalangizidwa kusatsika pansi pa 90. Koma kachipangizoka kamanamizidwa ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. M'ndege mpweyawu umalowa kuchokera ku injini kudzera pa chotenthetsera, ndipo nambala imaoneka yabwino munthu akukomoka. Chotero pamafunika chipangizo china chodziwitsa za poizoniyu.

Okosijeni amakolezera moto mwamphamvu. Mafuta, girisi ndi mafuta odzola onga Vaseline siziyenera kukhudza zipangizo kapena kupakidwa m'mphuno ndi pamilomo, ndipo kusuta n'koletsedwa. Valavu imatsegulidwa pang'onopang'ono. Silinda imamangiriridwa zolimba, kawirikawiri kuseri kwa mpando wakutsogolo, pamalo amene woyendetsa angaone geji ndi kufikira valavu, ndipo siisiyidwa m'ndege yoimikidwa padzuwa.

Ndege isananyamuke, woyendetsa amaona kuchuluka kwa mpweya, amayesa regulator ndi zolumikizira, kenaka amaonetsa okwera kavalidwe ka zida zawo. Akakayika za thupi lake ali m'mwamba, malangizo ake ndi achidule: avale okosijeni nthawi yomweyo, atsike kufika pansi pa mafiti 10,000 ngati mapiri alola, ndipo adziwitse olondolera ndege.