Nkhanga Zidapangana Kusanapse: Mbiri ya Kuuzana Ntchito za Pakhomo

Khomo lililonse lili ndi ntchito zimene zikudikira manja: denga lofuna udzu, nkhokwe yofuna kumata, munda wofuna khasu, ngongole yofuna kubweza. Makolo athu sankalemba zimenezi. Mwamuna ndi mkazi ankapangana usiku, ana atagona. Zikakhala zokhudza mbumba, mayi ankauza mlongo wake, amene ndiye mwinimbumba, ali awiri panjira ya kumunda. Paja nkhanga zidapangana kusanapse tchire.

Ankabisiranji? Chifukwa wotchula ntchito zotsala watchulanso kusowa kwake. Kunena kuti denga likudontha ndiko kuulula kuti mwini nyumba walephera penapake. N'chifukwa chake mawu otere ankapita kwa munthu mmodzi yekha, amene akagwire ntchitoyo.

Mwambowu udagwedezeka m'zaka za m'ma 1890, pamene boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Harry Johnston, lidakhazikitsa msonkho wa nyumba. Ndalama zidafunika, ndipo m'zaka zotsatira amuna ambiri adalowera ku Halale, ena ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela. Wopangana naye uja atapita kutali, kalata idalowa m'malo mwa kunong'onezana. Koma ambiri sankadziwa kulemba kapena kuwerenga. Mwamuna ankapempha mnzake wa pakomboni kuti amulembere, ndipo mkazi ankapita nayo kalatayo kwa mphunzitsi, kwa mlaliki, kapena kwa mwana wa sukulu. Chinsinsi cha anthu awiri chidasanduka cha anthu anayi.

Ine ndidawerengerako amayi ambiri kalata zotere ndili mphunzitsi wachinyamata, ndalama ya kwacha itangolowa kumene m'malo mwa mapaundi mu 1971. Zinkayamba ndi moni: "Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko." Kenaka pankabwera mndandanda: mufolere nyumba mvula isanagwe, mulipire fizi ya mwana, mugule mbuzi yaikazi, mubweze ngongole ya kugolosale, zotsala musunge osauza munthu. Mayi wina, nditamuwerengera kuseri kwa kalasi, adapinda kalata yake, naimanga pansonga ya chitenje, nati, "Aphunzitsi, maso anu aona, koma pakamwa panu pasadziwe." Lamulo la owerenga lidali lomwelo: werenga, bweza kalata, iwala.

Si onse adalisunga. Mnyamata wina adawerengera azakhali ake kalata, madzulo n'kukafotokoza zonse pabwalo. Sabata isanathe abale adatha phazi pakhomopo, aliyense ndi vuto lake. Ndalama zidatha, denga silidafoleredwe, ndipo mwamuna pobwera adaganiza kuti mkazi wake adamwaza chuma. Banjalo lidapulumuka chifukwa cha ankhoswe.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 ochokera ku migodi adafa. Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za ku migodiko. Maulendo adayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nadzatha mu 1988. Kalata za ku Joni zidachepa, koma za m'tauni zidapitirira, zina poyenda pa positi, zina m'thumba la wachibale wokwera basi.

Lero ana athu ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town amatumiza mndandanda womwewo pa WhatsApp. Chabwino chake n'chakuti gogo wosadziwa kuwerenga amamva yekha mawu ojambulidwa, osafunanso mphunzitsi. Chinsinsi chikadabwerera kwa eni ake awiri. Koma taonani zimene tikuchita: za mankhwala a bambo ndi za ngongole ya feteleza tikuziponya m'gulu la banja, mmene muli anthu makumi anayi, apongozi ndi adzukulu omwe. Onse awerenga, aliyense aganiza kuti wina achita, ndipo wodwala uja watsala ndi manyazi okha. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

N'zoona kuti mutu umodzi susenza denga. Komabe posenza denga pamakhala mmodzi woitana anzake, ndipo iyeyo ndiye amauzidwa poyamba. Tsono ana anga, sankhani wachibale mmodzi wokhulupirika, mutumizeni mndandanda kwa yekha, mutchule ntchito ndi tsiku lake, ndipo akamaliza mumuthokoze. Gulu liuzeni za maliro, ukwati ndi chinkhoswe. Za denga lodontha, uzani wokafolera.