Kufukiza

Kufukiza ndi kuchititsa kuti utsi kapena nthunzi ifike pathupi kapena pa chinthu. Kutchalitchi amafukiza lubani. Kumudzi wodwala chimfine amafunda bulangeti n'kuweramira mphika wa masamba a bulugamu owiritsa. Masiku ano mawuwa alowanso pa zosamalira khungu: kufukiza nkhope, kaya ndi kamakina kamagetsi kotulutsa nthunzi, kaya ndi beseni la madzi otentha, thaulo lili kumutu.

Nthunziyo, osati mthunzi wa pansi pa mtengo uja, imafewetsa khungu ndi mafuta ouma m'timabowo take, litsiro n'kumachoka mosavuta posukusula. Koma siichiritsa ziphuphu ayi. Mphindi 5 mpaka 10 kamodzi pa sabata n'zokwanira, nkhope italikire masentimita ngati 30 kuopa kupsa. Amene muli ndi khungu lotupa kapena la zilonda musayerekeze.